Mwana amene ndinamukwapula mvula ikugwa

Mu Januwale 2024 ndinakwapula mwana wa zaka 9. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndakhala ndikuwazemba kwa nthawi yaitali, ndipo ndikudziwa kuti ndikawasiya kuti abwere pakati pa nkhani ndiwakometsera mpaka osamvekanso. Ndine wophunzira wa zauphunzitsi ku yunivesite, ndinali nditakhoza bwino mayeso a phunziro la kakulidwe ka ana, koma zonsezo sizinaletse dzanja langa.

Tinali pa tchuthi, ndipo ndinapita kumudzi ku Phalombe. Azakhali anga amaphunzitsa sitandade 3 pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi kwathu. M'kaundula wawo munali ana 118, ndipo tsiku labwino ankabwera oposa 90. Atandiona ndikungokhala pakhonde ndi foni anati, "Mwanawe, m'malo motha ndalama pa mabandulo bwera udzandichongere makope." Ndinapita mokondwa. Ndinkaganiza kuti ndikaonetsa aphunzitsi akumudzi njira zatsopano.

Sabata yachiwiri, azakhali anaitanidwa ku ofesi ya ahedi ndipo anandisiyira kalasi. Tinkachita masamu ochotsera. Kunja kunada, mphepo inayamba kukankha zitseko, kenako mvula inafika ndi mphamvu. Amene anaphunzirapo m'kalasi ya malata yopanda siling'i akudziwa phokoso lake: mawu ako omwe suwamva. Pamenepo mnyamata wina wamfupi amene ankakhala kumbuyo kufupi ndi khomo anadzuka, n'kuponda makope a anzake, n'kumenya chigongono pakamwa kamtsikana kamene kanamutchinga njira. Kamtsikanako kanatuluka magazi pamlomo. Ndinamugwira mkono ndi kumuuza kuti akhale pansi. Anandiluma padzanja. Ndinatola kamtengo kolozera pa bolodi n'kumukwapula katatu m'miyendo. Sanalire. Anakwawira kunsi kwa tebulo la aphunzitsi n'kuphimba mutu ndi manja, ndipo ndinaona kuti kabudula wake wanyowa.

Azakhali atabwera sanandikalipire pamaso pa ana. Anayamba apukuta kamtsikana kaja, kenako anakhala pansi pa simenti pafupi ndi tebulo, osamukoka mnyamatayo, osamufunsa kanthu. Ndinkangowamva akunena pang'onopang'ono kuti, "Ndi mvula chabe. Ndabwera. Ndili pompano." Patapita nthawi ndithu mwanayo anatulutsa dzanja n'kugwira nsonga ya chitenje chawo.

Madzulo tikusenda mbatata ndi pamene anandiuza. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika kum'mwera kwa dziko lino, madzi, miyala ndi matope zinatsika m'phiri usiku n'kukokolola nyumba ya kwawo kwa mwanayo. Mayi ake ndi mng'ono wake sanapezeke. Iye anakhala masabata angapo pa msasa, m'kalasi ya sukulu ina, kenako anatengedwa ndi agogo ake. Namondweyo anapha anthu oposa 600 m'Malawi, ena oposa 500 anasowa, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zawo. Manambala amenewa ndinkawadziwa kale chifukwa ndinawawerenga pa intaneti ndili ku hositelo. Sindinaganizepo kuti ena mwa ana a m'manambalawo adzakhala patsogolo panga ndi kope la masamu. Azakhali anangoti, "Iwe unaona mwano. Mwana uja amathawa madzi."

Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi maganizo amene ndikufuna kuwateteza pano. Kuugwira mtima ndi luso limene mwana amaphunzira ngati mmene amaphunzirira kuwerenga, ndipo amaliphunzira kwa munthu wamkulu amene iye mwini waugwira mtima. Tikamuuza mwana wa zaka 7 kuti "tonthola" kapena "khala chete" timakhala ngati tikumupempha chinthu chimene ali nacho m'thumba koma akukaniza. Nthawi zambiri chinthucho alibe.

Zimene ndinaphunzira m'kalasi ku yunivesite zinayamba kumveka nditabwerako ku Phalombe. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ili ngati ya mlonda woimba wezulo akaona ngozi. Kakalira, thupi limatulutsa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, kupuma kumafupika, ndipo munthu amakonzeka kumenya, kuthawa kapena kuuma pamalo amodzi. Chigawo chimene chimatha kunena kuti "dikira kaye, ndi malata chabe" chili kutsogolo, kuseri kwa chipumi, ndipo chimatchedwa prefrontal cortex. Chigawo chimenechi chimakhwima mochedwa kwambiri, mpaka munthu atapitirira zaka 20. Ndiye kuti mwana wa sitandade 3 ali ndi mlonda wamphamvu koma womuletsa akadali wanthete. Mwana amene anaonapo zoopsa, mlonda wake amaimba wezulo ngakhale pa zinthu zongofanana ndi ngozi ija: phokoso la mvula, kukuwa kwa munthu wamkulu, dzanja lomugwira mwadzidzidzi. Ine ndinachita ziwiri mwa zitatuzi nthawi imodzi, ndikuyembekezera kuti mwanayo amva malangizo anga.

Amayi athu amazidziwa izi ngakhale sanamvepo za amygdala. Khanda likalira palibe amene amaliuza kuti lidziletse. Timalibereka kumbuyo, timalisisita, timaliimbira, mpaka kupuma kwake kutafanana ndi kwathu. Khandalo limabwereka mtima wa amake kufikira litakhala ndi wake. Chodabwitsa n'chakuti mwana yemweyo akangovala yunifolomu timaiwala zonsezi. Tsiku limene wayamba sitandade 1, ali ndi zaka 6, timayembekezera kuti akhale chete maola angapo pa simenti yozizira, pakati pa anzake 100, mwina asanadye kanthu, ndipo akalephera timati ndi wosamva.

Masabata atatu otsatira ndinasiya zofuna kuphunzitsa azakhali, ndinayamba kuwaonerera. Zimene ankachita zinali zing'onozing'ono moti poyamba sindinkaziona n'komwe.

M'mawa uliwonse ankaima pakhomo ana akamalowa. Sakanatha kulankhula ndi aliyense, koma ankayang'ana nkhope. Mwana wotupa maso, wobwera wopanda kope, kapena amene dzulo ankasewera koma lero wangoti ndwii, ankamusunthira kutsogolo osanena chifukwa. Akatha kuitana mayina ankati, "Amene mtima uli bwino chala chimodzi pachifuwa, amene uli pakatikati ziwiri, amene wawawa zitatu." Zala zinkakhala pachifuwa osati m'mwamba, kuti mnzako wakumbuyo asaone. Zinkatenga mphindi imodzi, ndipo azakhali ankadziwa ana 5 kapena 6 oyenera kuwayang'anira tsiku limenelo.

Ankaphunzitsanso kupuma, ngakhale sankatchula choncho. Ankati, "Tiyeni tiuzire phala." Ana onse ankapinda manja ngati agwira kapu, kukoka mpweya ndi mphuno ngati akununkhiza, kenako kuuzira pang'onopang'ono kuti phala lisatayike. Kasanu. Ana ankaseka, koma kalasi inkatsika phokoso. Pali chifukwa chake m'thupi: munthu akamatulutsa mpweya motalikitsa, kugunda kwa mtima kumatsika. Chofunika n'chakuti ankachita zimenezi tsiku lililonse kalasi ili pamtendere, pochokera ku buleki kapena asanayambe masamu. Mwana amene wayamba kale kukuwa sungamuphunzitse chinthu chatsopano. Ungomukumbutsa chimene thupi lake linazolowera.

Chachitatu chinali kutchula dzina la chimene mwana akumva. Anyamata awiri akalimbirana pensulo, azakhali asanafunse kuti wayamba ndani ankati, "Wakwiya. Ndikuona manja akunjenjemera. Wakwiya chifukwa akulanda pensulo." Ine ndinkaona ngati akutaya nthawi kunena zoonekeratu. Koma mu 2007 katswiri wina wa ku University of California, Los Angeles, Matthew Lieberman, ndi anzake anaonetsa anthu zithunzi za nkhope zokwiya ndi zamantha uku akuunika ubongo wawo ndi makina. Anapeza kuti munthu akasankha mawu ofotokoza zimene nkhopeyo ikuonetsa, amygdala imachepetsa ntchito. Chichewa chili ndi mawu ambiri a zimenezi: mkwiyo, mantha, manyazi, nsanje, chisoni, nkhawa, kukhumudwa, kunyansidwa, kuipidwa. Koma ana ambiri amene ndinakumana nawo ankadziwa kunena ziwiri zokha, "ndili bwino" ndi "mutu ukundipweteka". Mwana wosowa mawu amalankhula ndi chibakera kapena amangosiya kubwera kusukulu.

Kwa mnyamata uja azakhali anali ndi njira yakeyake, imene ndikanaidziwa ndikanafunsa. Mitambo ikayamba kuda ankamuuziratu motsitsa mawu kuti, "Mvula ikubwera, malata alira. Katenge ndowa." Denga la kalasiyo linkadontha malo awiri, ndipo ntchito yake inali kutchera ndowa ndi kuziyang'anira. Ankakhala pafupi ndi tebulo la aphunzitsi, manja ali ndi chochita, maso ali pa madzi amene iye mwini akuwalamulira. Masiku ena zinkatheka, masiku ena ankalowabe kunsi kwa tebulo, ndipo anzake anali atauzidwa kuti akatero asamuseke kapena kumusuzumira.

Ndikudziwa zimene ambiri mukuganiza, chifukwa ndinakambirana nkhaniyi ndi anzanga ku yunivesite ndipo sanandisiye ndipite chabe.

Mnzanga wina anati, "Aise, ife tinakwapulidwa ndipo tili pa yunivesite. Vuto lili pati?" Ena amatchula ndime ya m'buku la Miyambo yonena za ndodo, ena amati m'mera mpoyamba. Inenso ndinakwapulidwa, ndipo sindidana ndi aphunzitsi anga. Koma tikamati tinakula bwino timawerenga ife amene tinafika. Tinalipo ambiri mu sitandade 1, ndipo pofika mayeso a sitandade 8 tinatsala ochepa. Ena anasiya chifukwa cha umphawi, ena mimba, ena maganyu, koma ndikukumbuka anzanga awiri amene ankabisala m'munda wa chimanga mpaka nthawi yoweruka poopa chikwapu cha kuchedwa, kenako anangosiyiratu. Amenewo sakhala nawo pa zokambirana zathu za ku hositelo. Komanso tifunse chimene ndodo inatiphunzitsa. Ine inandiphunzitsa kukhala chete mphunzitsi akalowa ndi kuyambiranso akatuluka. Inandiphunzitsanso kuti munthu wamkulu akapsa mtima amamenya, ndipo phunziro limeneli ndi limene linatuluka m'dzanja langa tsiku la mvula lija. Unduna wa Zamaphunziro umaletsa kukwapula ana m'sukulu, ndipo ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko lino imateteza ulemu wa munthu aliyense ndi kuletsa chilango chankhanza. Koma lamulo lochotsa ndodo m'dzanja la mphunzitsi popanda kumupatsa njira ina limamusiya ndi kukuwa, kunyoza ndi kugwaditsa ana padzuwa, zimene mlonda wa mu ubongo uja amazimva chimodzimodzi.

Funso lachiwiri ndi lolemera kwambiri, ndipo sindilipeputsa: nthawi ichokera kuti? Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuchokera pamenepo zipinda ndi aphunzitsi sizinakwanepo. Cholinga cha boma ndi ana 60 kwa mphunzitsi mmodzi, koma makalasi ang'onoang'ono a m'midzi ndi m'matauni momwe amapitirira 100. Mabuku ambiri onena za nkhaniyi analembedwa ndi anthu oganizira kalasi ya ana 20, yokhala ndi kapeti, zidole ndi mlangizi wa ana pa ofesi yoyandikana. Kuuza mphunzitsi wa ana 118 kuti azikhala pansi ndi mwana aliyense wolira n'kumunyoza. Ndikuvomereza. Koma zimene ndafotokoza pamwambazi sizinagulidwe ndi ndalama, ndipo zala pachifuwa ndi kuuzira phala pamodzi sizinkakwana mphindi 5 patsiku. Tsiku limene ine ndinasankha njira yachidule, masamu anathera pomwepo. Ana 90 anakhala akuyang'ana tebulo mwamantha mpaka belu linalira, ndipo mawa lake ana angapo okhala pafupi ndi khomo sanabwere.

Mnzanga wina wamkazi anafunsa za kamtsikana kaja kotuluka magazi. Anati, "Ndiye womenya anyengereredwe, womenyedwa angopukutidwa?" Anafunsa bwino. Kumvetsa chifukwa chimene mwana wamenyera sikufafaniza kumenyako. Azakhali anadikira mpaka mawa lake, mwanayo atakhazikika, n'kumuitana pamodzi ndi kamtsikanako kuseri kwa kalasi. Anamuuza momveka kuti mantha ndi ololedwa koma kumenya mnzako n'koletsedwa. Anapepesa, ndipo sabata yonse ankamunyamulira kamtsikanako kapu ya phala kuchokera pamzere. Chilango chinalipo. Chinabwera pa nthawi imene mwanayo akanatha kuchimva, ndipo chinali chokonza zimene anawononga.

Pali kafukufuku wina amene amandikumbutsa azakhali. Ambiri tinamvapo za Walter Mischel wa ku Stanford, amene ankapatsa mwana switi imodzi n'kumuuza kuti akadikira osadya alandira yachiwiri. Kwa zaka zambiri anthu ankatenga zotsatira zake ngati muyeso wa kudziletsa kwa mwana. Kenako Celeste Kidd ndi anzake ku University of Rochester anasintha pang'ono. Asanapereke switi, ana ena analonjezedwa zojambulira zabwino n'kupatsidwadi, ena analonjezedwa koma osapatsidwa. Amene ananamizidwa anadikira pafupifupi mphindi 3, pamene amene lonjezo linakwaniritsidwa anadikira pafupifupi mphindi 12. Mwana amadziletsa akakhulupirira kuti wamkulu amene ali naye amachita zimene wanena. Azakhali akati "ndibwera kwa iwe ndikamaliza mzere uno" ankabweradi. Akati phala likwanira aliyense, ankaima pamzere kuonetsetsa kuti akumapeto nawonso alandira, ndipo kukankhana kunali kochepa m'kalasi mwawo kusiyana ndi makalasi ena.

Phala limenelo lisaiwalike pa nkhaniyi. Sukulu zambiri m'dziko muno zimapereka phala kudzera m'mabungwe monga Mary's Meals, amene anayamba ntchito yawo ku Malawi konkuno mu 2002. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, nkhokwe zitatha chimanga cha m'munda chisanache. Ndinaona ndi maso anga kuti ndewu zambiri zinkabuka phala lisanagawidwe. Palibe kupuma kulikonse kumene kungatonthoze mwana amene anagona ndi njala. Ndiponso mphunzitsi si dokotala. Mwana amene akumenyedwa kapena kugwiriridwa kunyumba amafunika zambiri kuposa ndowa ndi mawu ofatsa: ahedi, gulu la amayi oyang'anira ana pasukulu, alangizi a zachitetezo cha ana, kapena nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Chimene chimandivuta kwambiri n'chakuti zonsezi zimatsamira pa mtima wa mphunzitsi, ndipo mtima umenewo palibe amene amaufunsa kuti uli bwanji. Azakhali nawonso anataya munda ndi anansi pa namondwe uja. Amayenda mtunda wautali wapansi, amadikira malipiro ngati wina aliyense, ali ndi ngongole za banki mkhonde. Ndinawafunsa kuti amatha bwanji. Anaseka n'kunena kuti samatha masiku onse. Akamva kuti magazi akuwira amatembenukira ku bolodi, kufufuta pang'onopang'ono ngakhale palibe chofufuta, n'kuuzira phala lawo ana osaona. Anati anakwapulapo ana ambiri pa zaka zoyambirira za ntchito yawo, ndipo palibe ku koleji kumene anawaphunzitsa njira ina. Anaitola okha patapita zaka. M'maphunziro athu a zauphunzitsi timathera nthawi yambiri pa kulemba sikimu ndi mapulani a phunziro. Ndikanakonda tikanakhalanso ndi maola oyeserera chochita mwana akakuluma, akakutukwana, kapena akalowa kunsi kwa tebulo, tisanakumane nazo tili tokha kutsogolo kwa kalasi. Phunziro la Life Skills lili kale pa ndandanda ya pulayimale, ndipo muli mitu ya kuthana ndi nkhawa ndi kuthetsa mikangano. Koma ana akalemba pamayeso njira zothetsera mkwiyo kuchokera kwa mphunzitsi amene wagwira ndodo, amakhulupirira ndodoyo.

Kunena za ine, panatenga masiku anayi kuti ndilimbe mtima. Kwathu munthu wamkulu sapepesa mwana, ndipo ndinkaopa kuti kalasi indiderera. Azakhali sanandikakamize. Anangoti, "Wamuuza kuti apepese mnzake. Nanga iwe?" Lachisanu pa buleki ndinamupeza atakhala yekha pa muzu wa mtengo wa mango akumwa phala. Ndinakhala pansi chapatali pang'ono ngati mmene ndinaonera azakhali akuchitira. Ndinati, "Tsiku lija ndinakumenya. Ndinalakwa. Ndinachita mantha utandiluma, ndipo ndinapsa mtima. Pepa." Sanandiyang'ane. Anamaliza phala lake, n'kunyambita kapu, n'kupita kukasewera.

Sindinganene kuti anandikhululukira, ndipo sindikuganiza kuti anali ndi ngongole imeneyo kwa ine. Sabata yanga yomaliza kunagwanso mvula yamphamvu. Azakhali anali kutsogolo, ine ndinali kumbuyo ndikuchonga makope. Anamuuza kuti akatenge ndowa. Anatchera yoyamba pafupi ndi tebulo, kenako anaima ndi yachiwiri m'manja, chifukwa malo ena odontha anali pomwe ndinakhala ine. Anayang'ana azakhali, iwo anagwedeza mutu. Anabwera n'kuiika pafupi ndi phazi langa, n'kunena mosandiyang'ana kuti, "Sala, musaigunde." Kenako anathamangira kutsogolo.

Chaka chamawa ndikupita kukayeserera kuphunzitsa, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lina mwana adzandipsetsanso mtima. Ndinafunsa azakhali pa foni mwezi watha za mnyamata uja. Anati akubwerabe kusukulu, ndipo mphunzitsi wake watsopano anauzidwa za ndowa.